Kavalo wa Napoleon ndi khungu laphulusa: zithunzi za penti zikufunsanso kuti munthu ndi ndani

Pa 12 February 2018, mumzinda wa Washington ku America, anavundukula zithunzi ziwiri zikuluzikulu zojambula ndi penti. China chinali cha a Barack Obama, chinacho cha akazi awo, Mayi Michelle Obama. Malo ake anali National Portrait Gallery, nyumba yosungiramo zithunzi za anthu odziwika m'mbiri ya dzikolo, kumene pulezidenti aliyense akachoka pampando nkhope yake imakapachikidwa. Nthawi zambiri mwambowu umadutsa mwakachetechete. Koma ulendo uno anthu anakangana kwa milungu. Pulezidenti akutani m'tchire? Nanga khungu la mayiwa latuwa chonchi bwanji? Chaka chimenecho nyumbayi inalandira alendo oposa 2 miliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero cha chaka chapitacho.

M'Chichewa mawu oti kujambula amanyamula katundu wambiri. Wa kamera amajambula, wa pensulo amajambula, wa penti nayenso amajambula. Nkhani ino ndi ya wachitatuyu, munthu amene amatenga burashi, penti wamafuta ndi chinsalu, n'kutha milungu kapena miyezi pankhope imodzi. Wina atha kufunsa kuti ntchito yotereyi ilipo bwanji m'masiku ano, pamene foni iliyonse imajambula nkhope m'kamphindi. Yankho lake n'lakuti kamera imatola zonse zimene yapeza kutsogolo kwake, pamene wa penti amasankha kanthu kalikonse: khungu likhale lotani, manja aikidwe pati, kumbuyo kukhale chiyani. Ndiye chithunzi cha penti chimaonetsa poyera zimene wojambulayo, ndi anthu a m'nthawi yake, akuganiza za munthuyo.

Kwa zaka mazanamazana ku Ulaya, kujambulidwa ndi penti kunali kwa mafumu, maepiskopi, akuluakulu a nkhondo ndi amalonda olemera. Chithunzi chinkayankha funso limodzi: munthu uyu ndi wamkulu bwanji? Choonadi sichinali chofunika kwenikweni. Mu 1800 Napoleon Bonaparte, mtsogoleri wa dziko la France, anawoloka mapiri a Alps atakwera nyulu. Koma wojambula wina, Jacques-Louis David, atamujambula mu 1801, anamukweza pa kavalo wamphamvu amene wanyamula miyendo yakutsogolo m'mwamba, chovala chikuuluka ndi mphepo, chala chikuloza kutsogolo. Ifenso mtundu uwu wa chithunzi timaudziwa. Nkhope ya mtsogoleri pakhoma la ofesi ya boma, nkhope ya Kamuzu pansalu za mbumba, nkhope ya John Chilembwe ndi ya Rose Chibambo pandalama, zonsezi zimanena kuti munthu uyu mumulemekeze.

Anthu akuda m'zithunzi za ku Ulayazo analimo, koma m'mphepete, atanyamula mbale, ambulera kapena maluwa. M'chithunzi chotchuka cha Édouard Manet cha 1863, chotchedwa Olympia, muli akazi awiri. Akatswiri analemba mabuku ambirimbiri onena za mzungu wogona pabediyo, koma wantchito wakuda amene waima pambali pake ankangomudutsa ngati mbali ya khoma. Dzina lake linali Laure. Chithunzi china cha 1800, chojambulidwa ndi Marie-Guillemine Benoist, chinakhala zaka zoposa 200 chikudziwika ndi mutu wongonena mtundu wa khungu la mayi amene ali pamenepo. Mu 2019, pachionetsero cha ku Musée d'Orsay, nyumba yosungira zaluso ku Paris, m'pamene chinaonetsedwa ndi dzina la mwini nkhope, Madeleine. Zoti wojambula wamkulu n'kumupatsa munthu wakuda chinsalu chonse zinkachitika patalipatali, monga mu 1650 pamene Diego Velázquez anajambula Juan de Pareja, yemwe panthawiyo anali kapolo wake.

Kamera itabwera mu 1839, anthu akuda anaigwira msanga. Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo ku America, anajambulitsa zithunzi pafupifupi 160, nthawi zonse atavala bwino, nkhope ili phee, chifukwa ankadana ndi zojambula zonyoza zimene zinkaonetsa munthu wakuda akungoseka ngati wopanda nzeru. Chilembwe, yemwe anakaphunzira ku America, naye timamudziwa atavala suti. Ku Bamako m'dziko la Mali, kuyambira 1948, wojambula ndi kamera Seydou Keïta ankasunga wailesi, mawotchi ndi zovala mu situdiyo yake kuti wojambulitsa asankhe yekha mmene afuna kuonekera. Ine ndimakumbukira chithunzi cha agogo anga chimene chinali pabalaza pathu. Anavala jekete yobwereka, nsapato zikuwala, dzanja limodzi lili pa wailesi. Ana tinkadziwa kuti tsiku ndi tsiku agogo sankaoneka choncho, koma palibe amene ankati chithunzicho ndi chabodza. Umo ndi mmene ankafunira kuti zidzukulu zidzawadziwe.

Pamene kamera inkafalikira, kujambula nkhope ndi penti kunatsika mtengo. Pofika zaka za m'ma 1950, ojambula otchuka ku New York ndi ku Paris ankakonda mizere ndi mitundu yosaimira chinthu chilichonse chooneka ndi maso, ndipo wojambula nkhope ankaoneka wotsalira. Ena amene anabwezeretsa nkhope pachinsalu anali ojambula akuda, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. Azungu akanatha kunena kuti atopa ndi nkhope, poti makoma a nyumba zosungira zaluso anali odzaza ndi makolo awo. Wakuda akanatopa bwanji ndi chinthu chimene sanapatsidwepo?

Kerry James Marshall, wobadwa mu 1955 ku Birmingham m'chigawo cha Alabama ku America, anayamba ndi kachithunzi kakang'ono mu 1980. Anajambula munthu wakuda bii pamalo akuda bii, moti chooneka ndi maso, mano ndi kachidutswa ka malaya basi. Kuchokera apo wakhala akujambula anthu ndi penti wakuda weniweni, wa mitundu itatu yosiyana, osamusungunula ndi woyera. Anthu ake amameta tsitsi, amakondana, amapuma m'mapaki, pazinsalu zazikulu ngati zimene kale zinkasungidwira nkhondo ndi mafumu. Mu 2018 chithunzi chake chotchedwa Past Times chinagulidwa pamtengo wa madola 21.1 miliyoni.

Amene anajambula a Obama ndi Kehinde Wiley, wobadwa mu 1977 ku Los Angeles, bambo ake a ku Nigeria, mayi ake a ku America. Atamaliza maphunziro kuyunivesite ya Yale mu 2001 anapita ku Harlem, dera la ku New York lodziwika ndi anthu akuda, ndipo tsiku lina anatola pamsewu pepala la apolisi lokhala ndi nkhope ya mnyamata wakuda. Chimenechonso ndi chithunzi, koma mwini nkhope sanasankhepo kalikonse. Anangoimikidwa, n'kuuzidwa kuti ayang'ane kutsogolo. Wiley anayamba kuimitsa anyamata mumsewu, kuwaitanira ku situdiyo, kuwapatsa mabuku a zithunzi zakale za ku Ulaya kuti asankhe kaimidwe kamene akakonda. Akatero ankawajambula ndi zovala zawo zomwezo za mumsewu.

Mwa zithunzi zimenezi, chodziwika kwambiri ndi cha 2005, chimene chili ku Brooklyn Museum, nyumba yosungira zaluso ku New York. N'chachikulu pafupifupi mamita 3 mbali zonse. Kavalo ndi yemwe uja wa Napoleon, chala cholozanso n'chomwecho, koma wokwera ndi mnyamata wakuda wovala zovala zamawangamawanga za asilikali, nsapato za Timberland ndi kansalu kumutu. Pamiyala yapansi, pomwe David analemba maina a Bonaparte ndi a atsogoleri a nkhondo akale, Hannibal ndi Charlemagne, Wiley anawonjezerapo dzina wamba lakuti Williams.

Patsiku lovundukula lija, a Obama ananena okha kuti Wiley ankaganizapo zowakweza pa kavalo, iwo n'kukana. Choncho anakhala pampando wamatabwa, opanda tayi, atawerama pang'ono, manja atapingasa pamaondo ngati munthu amene akumvetsera. Kumbuyo kulibe mbendera, desiki kapena mashelefu a mabuku. Kuli masamba obiriwira amene akuchita kukwera m'miyendo ya mpando, ndipo pakati pake pali maluwa a mitundu itatu: ena oimira Chicago kumene anayambira ndale, ena oimira Hawaii kumene anabadwira, ndi abuluu oimira Kenya kwawo kwa bambo awo. Kwathu mlendo timamufunsa kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, mfunda wanu ndi chiyani, ndipo timayembekezera yankho limodzi. Chithunzichi chikuyankha ndi malo atatu nthawi imodzi, osaika ena patsogolo pa anzake.

Ntchito ya Wiley ndimailemekeza, koma pali chimene chimandivuta nayo. Kavalo uja ndi wobwereka. Ngati ulemu wa mnyamata wa ku Harlem ukudalira kuti aime ngati Napoleon, ndiye kuti muyeso wa ulemu ukadali Napoleon yemweyo. Vutoli linaonekera bwino mu 2023 ku Paris, pamene Wiley anaonetsa zithunzi za atsogoleri 11 a mayiko a mu Africa, kuphatikizapo Paul Kagame, Macky Sall ndi Denis Sassou Nguesso. Kuika mnyamata wa mumsewu pamalo a mfumu kumatembenuza zinthu. Koma ukaika pamenepo munthu amene walamulira dziko zaka makumi angapo, watembenuza chiyani? Wangobwerera ku ntchito imene David ankagwira.

Amy Sherald, amene anajambula Mayi Obama, anadzera njira ina. Anabadwa mu 1973 ku Columbus m'chigawo cha Georgia, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Baltimore asakudziwika. Mu 2012 madokotala anamuika mtima wina. Mu 2016 anapambana mpikisano wa zithunzi wa National Portrait Gallery, woyamba mwa akazi komanso mwa anthu akuda kupambana mpikisanowo. Anthu onse amene amawajambula ndi akuda, koma khungu lawo amalipaka lotuwa, posakaniza penti wakuda ndi wachikasu wotumbuluka.

Kwa ife zimenezi n'zodzidzimutsa kuposanso kwa Amereka, chifukwa kwathu munthu wotuwa ndi amene sanadzole mafuta, amene mwezi wa June wamupeza alibe kanthu. Koma kutuwa kwa Sherald n'kwina. Kumachokera ku zithunzi zakale za kamera zopanda mitundu, monga cha agogo anga chija, zimene mabanja akuda anayamba kudzioneramo mwaulemu. Ndiponso kumachedwetsa diso. Ku America, diso linaphunzitsidwa kuyamba ndi khungu, kumuika munthu m'gulu, zina zonse n'kubwera pambuyo. Khungu likakhala laphulusa diso limasowa pogwira, ndiye limapita kumaso, kumapewa, kumanja. Munthuyo umamuonabe kuti ndi wakuda, mphuno, milomo ndi tsitsi zikunena, koma umayamba wakumana naye kaye. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'chithunzicho Mayi Obama akhala pansi, chibwano chili padzanja, kumbuyo kuli buluu wotuwira wopanda kanthu kena. Diresi yawo yoyera, yokhala ndi mizere ndi timabokosi, yatambasuka mpaka kudzaza theka lapansi la chinsalu ngati phiri. Sherald ananena kuti diresiyo inamukumbutsa zofunda zosoka ndi zigamba za amayi akuda a ku Gee's Bend ku Alabama, zidzukulu za akapolo. Ambiri anadandaula kuti nkhopeyo sikufanana kwenikweni ndi Mayi Obama amene amawaona pa TV. Dandaulolo lili ndi mfundo. Komabe mayi wa pa TV uja anali pantchito, akumwetulira dziko lonse. Uyu wakhala chete, sakusangalatsa munthu aliyense. Patangopita milungu yochepa, chithunzi cha kamtsikana kakuda ka zaka ziwiri kataima kukamwa yasa kutsogolo kwa chithunzicho chinafalikira pa intaneti dziko lonse.

Ku London kuli wina amene anapita patali kuposa onsewa. Lynette Yiadom-Boakye, wobadwa mu 1977 kwa makolo ochokera ku Ghana, amajambula anthu amene kulibe. Sakhazika munthu patsogolo pake. Nkhope amazipanga kuchokera m'mutu, m'zimene amakumbukira ndi m'zidutswa za zithunzi zimene amasonkhanitsa. Kawirikawiri anthu ake savala nsapato, chifukwa nsapato zimaulula msanga nthawi imene munthu akukhala ndi kulemera kwake. Sudziwa ngati uyu ndi dokotala kapena mlimi, wa ku Accra kapena wa ku Peckham mumzinda wa London, wa chaka chino kapena wa 1920. Chiphaso cha unzika chimafuna dzina, tsiku lobadwa ndi kumudzi. Iye amachotsa zonsezo, koma munthu amatsalabe pachinsalu, akuwerenga, akuvina, kapena akungokuyang'ana. Mu 2020 Tate Britain, nyumba yosungira zaluso ku London, inachita chionetsero chachikulu cha ntchito zake. Kwa ine uyu ndiye amafika pamtima pankhaniyi, popeza anthu ake sanabwere kudzatsutsa kapena kudzapempha kanthu kwa aliyense.

Ena m'malo mochotsa amaunjika. Njideka Akunyili Crosby anabadwa mu 1983 ku Enugu, ndipo anapita ku America ali ndi zaka 16. Mayi ake anali Dora Akunyili, amene anatchuka polimbana ndi mankhwala achinyengo ku Nigeria. Amajambula zipinda za m'nyumba, iyeyo ndi mwamuna wake mzungu, kapena abale ake atakhala pabalaza. Ukayandikira umapeza kuti khoma, mpando, ngakhale khungu la munthu, zadzaza ndi tizithunzi tating'onoting'ono tochokera m'magazini a ku Nigeria ndi mu alubamu ya banja, tosindikizidwa papepalapo. Amagwiritsanso ntchito nsalu zapamwambo zokhala ndi nkhope za anthu, zofanana ndi zitenje zathu za pamisonkhano. Aliyense amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds, thupi lili uko koma foni yadzaza ndi zakumudzi, atha kuchimva chithunzi chotere popanda womufotokozera. Kudzanai-Violet Hwami, wobadwira ku Gutu m'dziko la Zimbabwe mu 1993, n'kukulira ku South Africa ndi ku Britain, naye amamanga nkhope kuchokera m'zithunzi za banja ndi za pa intaneti. Anali m'gulu loimira Zimbabwe pachionetsero chachikulu cha ku Venice mu 2019.

Mu November 2022, Zeitz MOCAA, nyumba yosungira zaluso ya ku Cape Town, inasonkhanitsa ntchito za ojambula oposa 150 za zaka 100 pachionetsero chotchedwa When We See Us, motsogozedwa ndi mkulu wa nyumbayo panthawiyo, malemu Koyo Kouoh. Anasankha dala zithunzi za chimwemwe, kupuma, chikondi ndi mapemphero, osati za njala ndi nkhondo zimene dziko linazolowera kuonera Africa.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zithunzi za anthu akuda zitayamba kufunidwa, ochita malonda anathamangirako. Amoako Boafo wa ku Accra, wobadwa mu 1984, amene anakaphunzira ku Vienna ndipo amapaka khungu la anthu ake ndi zala m'malo mwa burashi, anaona chithunzi chake chimodzi chikugulitsidwa pa okushoni ku London mu February 2020 pamtengo wa mapaundi 675,000, pamene ogulitsa ankayerekeza kuti sichipitirira 50,000. Ndalama yotereyi imapita kwa amene anagula motchipa n'kugulitsanso, osati kwa wojambula. Choipa kwambiri n'chakuti msika umayamba kulamula. Wojambula wachinyamata amaona chimene chikuyenda malonda, nkhope yakuda, malaya owala, kumbuyo kwa mtundu umodzi, ndiye amapanga zomwezo. Ntchito imene inayamba pokana kuika anthu m'gulu limodzi imabala gulu latsopano, lokonzedwa kuti likongoletse pabalaza pa munthu wolemera wa kutali. Ndipo zambiri mwa zithunzizi zimachoka mu Africa, moti eni nkhope zoterezi amangoziona pafoni.

Mkangano woti ndani ayenera kupachikidwa pakhoma nawo sunathe. Mu July 2025 Sherald anachotsa chionetsero chake chachikulu chimene chinkayenera kuchitikira ku National Portrait Gallery komwe kuja. Nkhani inali pachithunzi chimodzi, chimene anajambula munthu wakuda wobadwa mwamuna koma wokhala ndi kudzitchula mkazi, ataima ngati chipilala chotchuka cha Liberty cha ku New York. Sherald anati anamva kuti pali maganizo ochichotsa poopa andale, pamene akuluakulu a nyumbayo anati ankangofuna kuikapo kanema wofotokozera. Anthu amasiyana kwambiri maganizo pankhani ya munthu wojambulidwayo, kuno ndi uko komwe. Chimene palibe angakane n'chakuti penti pachinsalu akadali ndi mphamvu yogwedeza maofesi a boma.

Chithunzi cha Sherald chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi cha Breonna Taylor, mtsikana wa zaka 26 wogwira ntchito zachipatala, amene anaphedwa ndi apolisi m'nyumba mwake ku Louisville pa 13 March 2020. Miyezi yotsatira nkhope yake inali paliponse, pazikwangwani za ochita zionetsero ndi pa TV, koma nthawi zonse ngati munthu wophedwa. Magazini ya Vanity Fair itapempha Sherald kuti amujambule, iye anali asanajambulepo munthu womwalira. Analankhula ndi mayi ake a Breonna, anayang'ana zithunzi zake zambiri, n'kupeza mtsikana wa thupi lofanana naye kuti aime m'malo mwake. Anapemphanso mayi wina wakuda wopanga zovala kuti akonze diresi.

Pachinsalupo Breonna waima chilili, dzanja lili m'chiuno, diresi yobiriwira mobuluwira ikutsetsereka mpaka kumunsi kwa chinsalu, ndipo kumbuyo kuli mtundu wofanana nawo. Akukuyang'ana molunjika. Palibe magazi, palibe apolisi, palibe chikwangwani. M'khosi muli kamtanda kagolide. Pachala cha dzanja lamanzere Sherald anajambulapo mphete ya chinkhoswe, imene bwenzi lake linali litakonza kudzamuveka.